Mtsikana akafuna kukhala katswiri wojambula mapulani a nyumba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi mu Mzuzu. Mwana wawo wamkazi ali Fomu 4, masamu amawakhoza, ndipo wanenetsa kuti akufuna kudzakhala architect, katswiri wojambula mapulani a nyumba. Malume ake akuti za zomangamanga ndi za amuna, komanso kuno ku Malawi ntchitoyo imangotumikira anthu a ndalama omanga ku Katoto. Funso la mayiwa ndi lakuti: kodi alipo mzimayi amene anayendapo njira imeneyi n'kupindulira anthu wamba ngati ife?

Mayi, alipo, ndipo ndikufuna mumuuze mwana wanu za Yasmeen Lari wa ku Pakistan.

Anabadwa mu 1941. Maphunziro a ntchitoyi anakachita ku Oxford ku England, ndipo mu 1964, ali ndi zaka 23, anabwerera kwawo n'kutsegula ofesi yake ku Karachi. Ndiye mzimayi woyamba kugwira ntchito imeneyi m'dziko lonse la Pakistan. Zaka zotsatira anajambula nyumba zikuluzikulu za simenti, zitsulo ndi magalasi, monga Finance and Trade Centre ndi likulu la kampani ya mafuta ya Pakistan State Oil, zonse ku Karachi. Apa malume aja anganene kuti mwaona, ndi za olemera. Mu 2000 anapuma pa ntchito yojambulira makampani.

Kenaka pa 8 October 2005 chivomerezi chinagwedeza kumpoto kwa Pakistan ndi ku Kashmir, ndipo anthu oposa 70,000 anafa. Mayi Lari, ali ndi zaka 64, ananyamuka kupita kumapiri kuja kudzera m'bungwe la Heritage Foundation of Pakistan limene anayambitsa ndi amuna awo mu 1980. Kumeneko simenti ndi zitsulo zinali zodula, kufika nazo kunalinso kovuta. Zimene zinalipo ndi dothi, miyala, laimu ndi matabwa a nyumba zogumuka. Anayamba kumanga ndi zimenezo, limodzi ndi eni nyumbawo.

Madzi osefukira a 2010 atamiza chigawo cha Sindh, anatembenukira ku nsungwi. Pamenepa ndi pamene ine mtima umandigunda, chifukwa nsungwi timazidziwa tonse, ndi zomwe zija agogo ankalukira nkhokwe. Nsungwi n'zopepuka koma n'zolimba, ndipo nthaka ikagwedezeka zimapindika osathyoka. Laimu akasakanizidwa ndi dothi amathandiza khoma kuti lisasungunuke likanyowa. Nyumba amaikweza pa chiunda kuti madzi adutse pansi, ndipo nyumba zina zokumaniranamo amayi anazimanga pa mizati ya nsungwi kuti madzi akabwera anthu ndi katundu akwere pamwamba. Palibe chachilendo m'zipangizo zimenezi. Chimene katswiri anabweretsa ndi kuwerengera: maziko akuye bwanji, nsungwi zilumikizidwe motani pa ngodya, denga litulukire patali bwanji kuti mvula isamenye khoma. Masamu a mwana wanu ntchito yake ndi imeneyo.

Anakonzanso mbaula ya dothi ndi laimu ya malo awiri ophikira, yomangidwa pa nsanja yokwera, kuti mayi asamaphike atawerama pa mafuwa pansi, utsi uli m'maso, mwana akukwawira kumoto. Imadya nkhuni zochepa, monga imachitira chitetezo mbaula yathu. Amayi a m'midzi ndi amene anaphunzitsidwa kuimanga, ena n'kumapeza ndalama pophunzitsa anzawo. Mbaula imeneyi inalandira mphoto ya World Habitat Award mu 2018, ndipo mu 2023 bungwe la akatswiri a ntchitoyi ku Britain, RIBA, linapatsa mayi Lari mendulo yake yapamwamba, Royal Gold Medal. Taonani, ulemu waukuluwo unadza chifukwa cha nyumba za dothi ndi nsungwi zija.

Tsono tibwere kwathu kuno. Amene tinali mu Mzuzu mu April 2016 tikukumbuka mmene mvula inagwetsera nyumba m'makomboni, ndipo abale athu a ku Karonga sanaiwale chivomerezi cha December 2009. Chaka chilichonse mvula ikalimbikira, makoma a zidina amagwa ku Masasa ndi ku Salisbury Line. Ine zimandipweteka kuti timangoti ndi umphawi n'kusiyira pomwepo. Inde umphawi ulipo, koma nyumba zambiri zimagwa chifukwa zinamangidwa m'dambo popanda kukweza maziko, kapena pamtsetse popanda ngalande yopatutsa madzi, kapena denga lake n'lalifupi moti khoma limamwa mvula miyezi yonse ija kuno kumavumba. Zimenezi munthu wophunzira angazikonze popanda kuwonjezera matumba ambiri a simenti. Ndipo uvuni uliwonse wa njerwa umene timawotcha umadya mitengo imene ikanagwira nthaka ya m'mapiri athuwa.

Za kuti ndi ntchito ya amuna, malume akumbukire amene amazira nyumba kumudzi, amene amadziwa dothi loyenera kumatira ndi losayenera, amene amatunga madzi pa malo omanga. Amayi akhala akumanga kuyambira kale, chimene ankasowa ndi pepala ndi mpando wa wolamula. Sindikunamizani kuti n'zophweka. Adzakumana ndi mabilidala ena amene sadzafuna kulangizidwa ndi mtsikana, ndipo adzayenera kuidziwa ntchito yake mpaka pa muyezo wa mchenga ndi simenti kuti amumvere.

Maphunziro a ntchitoyi amaperekedwa ku MUBAS ku Blantyre, imene kale tinkaitcha Polytechnic, choncho alimbikire masamu, Physics ndi Chingerezi pa MSCE. Pakali pano mugulireni kope lopanda mizere, pensulo ndi tepi yoyezera. Ayambe ndi nyumba yanu yomweyo ku Chibavi: aiyeze, aijambule, ndipo tsiku limene mvula idzagwe atuluke ndi ambulera akaone kumene madzi a padenga akupita.