Wafunsa za matisheti, koma pali china

Mdzukulu wanga, wafunsa kuti pa matisheti a kampeni yanu yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo mulembepo mawu otani oti achinyamata anzako amve. Lembani zomwe mwagwirizana, ndipo ndakondwa kuti mudzaguba pa 26 June, tsiku lomwe United Nations inasankha mu 1987 kuti dziko lonse lizikumbukira vutoli. Koma ine ndimayembekeza undifunsa kuti kuguba kukatha, nyimbo zikazima, mnyamata uja wayamba kusuta chamba kapena kumwa mankhwala a chifuwa a codeine asakudwala adzamuona ndani mawa lake?

Ife tikukula munthu wamkulu aliyense anali kholo lako. Ukapezeka panjira kutada, mayi woti sukuwadziwa nkomwe amakuimitsa, iwe ndiwe mwana wa ndani, ukupita kuti usiku uno, ndipo usanafike pakhomo nkhani yafika kale, makolo ako osakwiya ayi, mmawa amapita kukathokoza. Maso ofiira, fungo lachilendo pamalaya, mwana amene kale amapereka moni koma pano akuzemba, zonsezi amayamba kuziona ndi aneba kholo lisanadziwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero, ndipo zimachitikadi. Lero ukangodzudzula mwana wa wina mayi ake akubwera ndi mkwiyo kuti za mwana wanga zisakukhudzeni, ndiye anthu atseka pakamwa, angojambula pa foni nkutumizirana pa WhatsApp mwana akugwa mumsewu. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Usaganize kuti ndi zachikale zokha. Ku Iceland mu 1998, pa ana 100 aliwonse azaka 15 ndi 16, ana 42 anali ataledzerapo mwezi umodzi wapitawo, pofika 2016 anatsala 5 okha. Chomwe anachita ndi kuika nthawi yoti ana asapezeke panja usiku, kuwapatsa masewera ndi nyimbo akaweruka kusukulu, kenako makolo kumayenda mmagulu madzulo kuona ana a eni ake omwe, osati awo okha. Ubongo wa munthu umakhwima mpaka cha mma zaka 25, ndiye mwana wa zaka 14 sungamusiye kuti asankhe yekha chifukwa anawerenga chikwangwani.

Musataye mtima, mwayamba bwino ana inu. Koma musanagube itanani makolo a mdera lanu, akhale pansi agwirizane pamaso pa ana awo kuti aliyense ali ndi ufulu woimitsa mwana wa mnzake ndikukauza kwawo popanda kutukwanidwa. Ndipo uja wayamba kale kusuta musamuloze chala pagulu, mupeze wamkulu mmodzi yemwe amamumvera, azimuyendera sabata iliyonse, ngati zafika povuta apite naye kuchipatala.