Rousseau anataya ana ake asanu, ndiye tizimuwerengabe?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, mphunzitsi. Akuti ali ku koleji ankamukonda kwambiri Jean-Jacques Rousseau, wolemba mabuku wotchuka wa zaka za m'ma 1700, chifukwa cha maganizo ake pa kaleredwe ka ana, koma posachedwapa amva zoti ana ake enieni anawataya. Akufunsa ngati apitirize kumuwerenga.

Achemwali, mwandiponda pachilonda. Imelo yanu ndinaiwerenga katatu, kenako ndinangotseka kompyuta.

Zimene mwamvazo ndi zoona. Rousseau, wobadwira ku Geneva mu 1712, anabereka ana asanu ndi Thérèse Levasseur, mayi wochapa zovala, ndipo onsewo anakasiyidwa kunyumba yosungira ana otayidwa ku Paris akadali makanda. Mu 1762 munthu yemweyo anatulutsa Émile, buku lolangiza makolo, mpaka kudzudzula amayi osayamwitsa okha ana awo. Voltaire, wolemba mnzake wa ku France, ndi amene anamuyalutsa mu 1764, m'kachikalata komwe sanalembepo dzina lake. Rousseau mwiniwake anadzavomera pambuyo pake, koma akudziikira kumbuyo kuti analibe ndalama.

Bambo anga nawonso anali munthu wa pamisonkhano. Ankamenyera ufulu wa anzawo a kuntchito, ndipo akaima kulankhula m'holo munkangoti zii. Kunyumba tinkawaona ngati mlendo. Ndimakumbukira usiku wina ndili ndi zaka 9, thupi litatentha ngati moto, mayi atandifungatira pabenchi ya kuchipatala, iwo ali kumsonkhano. Atafika m'mawa anandisisita kumutu ndi dzanja limodzi, linalo litagwira mapepala. Sanawatule n'komwe. Pamaliro awo aliyense woima ankati "anali bambo wa tonse." Mayi anangozyolika. Palibe ndi mmodzi yemwe anatchula kuti zolankhula zokomazo ankazitaipa ndi mayi, usiku ife titagona.

Chichokereni pamenepo, ndikatsegula mbiri ya munthu wotchuka ndimayamba ndafufuza kuti kunyumba kwake kunatsala ndani.

Taonani Leo Tolstoy, wolemba mabuku wa ku Russia. Anakwatira Sofia mu 1862, iye ali ndi zaka 34, mtsikanayo 18. Sofia anabereka ana 13, n'kumakoperanso pamanja buku la mwamuna wake la War and Peace mobwerezabwereza, chibuku chija chomwe ambirife timachilephera kungochiwerenga kamodzi. Mu 1910 mkuluyu, ali ndi zaka 82, anathawa pakhomo usiku n'kukadwalira pa siteshoni ya sitima ya Astapovo. Sofia atalondola anamuletsa kulowa, anangololedwa mwamuna wake atakomoka kale. Karl Marx, woganiza wotchuka wa ku Germany, naye ku London ankapinyolitsa jekete lake, banja likudalira ndalama zotumizidwa ndi mnzake Friedrich Engels kuchokera ku Manchester. Mwa ana 7 a Marx atatu okha ndi amene anakula. Mwana wake Edgar anamwalira mu 1855 ali ndi zaka 8. Ndipo popeza Marx ankalemba ngati papalasa nkhuku, mkazi wake Jenny ndiye ankakopera zolembazo kuti osindikiza athe kuziwerenga.

Ena amati tisiyanitse munthu ndi ntchito yake. Kale ndinkangogwedezera mutu, koma pano ndimakanitsitsa. Ntchitoyo si yake yekha ayi. Nthawi yokhala phee n'kumaganiza ija inachokera kwa munthu wina amene anasenza zonse zotsala, ndipo m'mabuku munthuyo amapatsidwa mzere umodzi. Chimene chimandiwawa kwambiri pa Rousseau si chinyengo chakecho, koma kuti za Thérèse timazimva kudzera pakamwa pa amuna amene ankamunyoza kuti ndi mbuli. Kasanu konse anachira, kasanu konse manja anatsala opanda kanthu, koma zimene zinali mumtima mwake sitizimva m'mawu akeake.

Tsono mutani?

Muwerengenibe, achemwali. Mfundo yake yoti mwana si wamkulu wochepa msinkhu, kuti amaphunzira pogwira ndi poona, siinasanduke bodza chifukwa mwiniwake analephera. Koma mukamaphunzitsa za iye, tchulani Thérèse ndi ana asanu aja tsiku lomwelo, osati mukafunsidwa.

Mapepala a bambo anga akadali m'katoni pansi pa bedi. Taipi ya mayi inali ndi vuto, chilembo cha "e" chinkadumphira m'mwamba pang'ono, ndipo chikuoneka patsamba lililonse. Sindinawataye, komanso sindinawawerengebe mpaka kumapeto.