Voisi ya amalume pa gulupu: za mtima wa achemwali

Eya, moni nonse pagulupu pano, akuluakulu mwaswera bwanji. Ndikuyankha iwe mwana wa mlongo wanga, ndaona meseji yako ija yoti mayi ako chiwaikireni pesimeka, kamakina kothandiza mtima kugunda, masabata atatu apitawa sakugona bwino, akuti mtima ukuthamanga usiku mpaka akumaumva m'khutu akatsamira pilo, nde ukufunsa ngati kamakinako kakugwira bwino. Kulemba sindingathe, zalazi zimandisokoneza pafoni, nde ungomvera.

Choyamba usachite mantha ayi. Ine wanga uyu akukwanitsa zaka ziwiri tsopano ndipo zimene akunena achemwalizo ndinazionapo ndithu. Paja ine asanandiike mtima wanga umagunda ka 38 pa mphindi, pena 40, ndi chifukwa chake ndinkangoti ndikayenda pang'ono befu, chizungulire, tsiku lina lija ndinagwa pa Depoti anthu nkumati abambowa aledzera mmawa uno. Tsono thupi linali litazolowera ulesi umenewo kwa zaka. Atandiika anakatchera pa 60, kutanthauza kuti mtima ukafuna kutsika pansi pa 60 kamakinako kamautsina pang'ono ndi magetsi kuti ugunde. Nde tangoganiza, kuchoka pa 38 kufika pa 60 tsiku limodzi. Usiku woyamba kunyumba ndinadzutsa azakhali ako kuti mayi, mtima ukuthawa uwu, tiyeni kuchipatala. Anatenga kamakina ka BP kaja, kuyeza, 60 ndendende. Anangoti gonani bambo, umenewo ndiye mtima wa anthu. Munthu wamkulu akangokhala, mtima umayenera kugunda pakati pa 60 ndi 100, ine ndi amene ndinali nditaiwala.

Zinanditengera mwina miyezi iwiri kuti ndisiye kuumvetsera. Vuto lake usiku kuli zii, magetsi azima, wailesi palibe, nde umangokhala tcheru ndi pachifuwa.

Koma pali china chimene sanandifotokozere bwino potuluka m'chipatala, ndinachita kuchidziwa pa tchekapu. Mapesimeka ambiri ali ndi kasensa mkati kamene kamamva thupi likamagwedezeka, kamaganiza kuti munthuyu akuyenda kapena akugwira ntchito nde kamakweza kagundidwe kuti magazi akwane. Ndi zabwino, koma kamapusitsikanso. Ine ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita kwa Chinsapo kumaliro, msewu wafumbi uja wa mabampu, ndakhala phee kumbuyo koma mtima uli di di di ngati ndikuthamangitsa mbava. Kufika ndinayeza, unali cha m'ma 100. Kamakinako kamaona ngati ndikuthamanga pamene akuthamanga ndi wakabazayo, hahaha. Kenako zosemphana, masitepe a ku Capital Hill aja ndikamakatsatira za penshoni, pamenepo mpamene ndimafuna mtima ukwere koma umachedwa, ndifike pamwamba ndili wefuwefu. Nditawauza adokotala anangoika kachipangizo pachifuwa pamwamba pa khungu, nkumadina pakompyuta pawo, mphindi zochepa basi, osang'amba, osabaya. Anasintha, kuchokera pamenepo zinayamba kuyenda bwino. Nde uwauze mayi ako kuti mmene anawatchererapo poyamba si mmene zikhalire mpaka kalekale ayi, zimasinthidwa, ena amawatsitsira ngakhale ya usiku kufika pa 50 kuti azigona bwino. Koma adokotala salota, mpaka uwauze.

Nde iwe chita izi. Gula kakope kakang'ono, mmawa ndi madzulo uziwayeza, zala ziwiri pamkono pamene timavala wotchi paja, uwerenge mphindi yathunthu, ulembe nambala, nthawi, ndi chimene amachita. Akadandaula kuti ukuthamanga, yeza nthawi yomweyo, lemba. Kamakina ka BP nkabwino koma pena kamaphonya mtima ukadumphitsa, kakakuonetsa nambala yodabwitsa ubwereze ndi zala usanayambe kuimbira anthu. Kakopeko upite nako ku tchekapu, ufunsenso kuti anawatchera pa zingati, zimakhalanso pa mapepala amene anakupatsani aja.

Dikira kaye... iwe tatseka geti agalu atuluka! Pepani, adzukulu awa.

Ndimati chani... eya. Zoti musadikire nazo tchekapu. Akakomoka, kapena chizungulire chija chabwerera, kapena wawerenga ndi zala mtima uli pansi pa nambala imene anatchera, mwachitsanzo anatchera 60 iwe ukupeza 45, pezani galimoto ulendo wa kuchipatala. Chimodzimodzi akangokhala osachita kanthu koma ukupitirira 100 osatsika, chifukwa pesimeka ntchito yake nkukweza mtima waulesi, wothamanga siiubweza ayi, pamenepo mpofunika adokotala aone. Kupweteka pachifuwa, kubanika, miyendo kutupa, osazengereza. Bala la opareshonilo uziliona tsiku ndi tsiku, likafiira, kutupa, kutentha kapena kutuluka mafinya, olo thupi kungotentha, osathamangira kugula mankhwala pa golosale. Ndi china choseketsa, chidikwidikwi chosatha kapena kamnofu kumangodumphadumpha cha m'nthiti mogwirizana ndi mtima, ukanene, pena amakhala magetsi a waya wa pesimeka akukhudza posayenera.

Mawaya amenewa ndi amene ndikuwaopera achemwali, ndimawadziwa ine, sakhala pansi. Mawaya amadutsa mumtsempha kuchoka pakamakina pansi pa fupa la paphewa mpaka mumtima, ndipo amafuna masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti agwire bwinobwino. Nthawi imeneyi mkono wa mbali imeneyo usakwere kupitirira phewa. Zotwika ndowa, kuyanika zovala pachingwe, kusinja, khasu lija la kudimba, ayi. Koma asaumangenso ngati wathyoka, aziugwiritsa ntchito zing'onozing'ono, apo ayi phewa limauma. Kuyenda aziyenda, madzulo dzuwa likapepa, kuzungulira mpaka pa msika nkubwerera.

Foni, apa nde mundimvere achemwali ngati mukumvera nawo. Chizolowezi chanu choika foni mu bulauzi pamodzi ndi ndalama chija chithe. Foni izikhala kutali ndi kamakina masentimita 15, poyankhula gwiritsani khutu la mbali inayo. Maginito ndi pamene anyamata akuwotcherera zitsulo osayandikira. Wailesi, TV, ayironi, ketulo, zonsezo palibe vuto. Kakhadi ka pesimeka kazikhala m'chikwama nthawi zonse, kuchipatala chilichonse kaya pa eyapoti ku Lumbadzi muzikaonetsa. Mankhwala a BP musasiye, kamakinaka sikachiza BP.

Za batire zimene anafunsa ankolo ako aang'ono dzulo, ayi sitichaja, hahaha, imakhala zaka, ambiri zimafika cha m'ma 10, ndipo pa tchekapu amaiona ikamatsika kudakali nthawi. Munthu woyamba kuikidwa pesimeka m'thupi anali Arne Larsson wa ku Sweden mu 1958, anadzamwalira 2001 ali ndi zaka 86, dokotala amene anamuikayo atatsogola kale. Achemwali mukadali ndi maukwati a adzukulu oti muvine.

Basi bandulo yanga ikutha. Loweruka ndibwera ku Area 25 ndidzakuonetse kawerengedwe kake, usiku uno ukayeze kaye asanagone unditumizire nambalayo.