Powell River m'mwezi wa Julayi: pitani, koma sankhani chachikulu chimodzi

Achimwene, mwati mnzanu wakuitanirani ku Powell River kwa sabata imodzi mu Julayi, ndipo mukukayika poti mwamva kuti ndi katauni ka fakitale ya mapepala basi. Ine ndapitako kawiri. Pitani ndithu. Koma ndikuuziretuni kuti amene adzakulamulireni kumeneko ndi feri, osati fakitale.

Tauniyi ili ku British Columbia, m'dziko la Canada, ndipo si chilumba ayi, komabe palibe msewu wokafikako osawoloka madzi. Kuchokera ku Vancouver mumakwera feri pa Horseshoe Bay, mphindi 40 mwafika ku Langdale. Kenako mumatsata Highway 101, msewu wokhotakhota ngati njoka, mpaka Earls Cove, pomwe pali feri ina ya mphindi 50 yokakutulani ku Saltery Bay. Ulendo woyamba ndinaima ku Sechelt ati ndimweko khofi, ndijambuleko zithunzi. Pofika pa Earls Cove tinangoona thovu kumbuyo kwa feri ikupita. Tinakhala pamzere pafupifupi maola awiri, ana akufunsa kuti tifika liti, mayi a kunyumba ali duu osandiyankhula. Ndiye tsiku loyamba ndi lomaliza muwawerengere ku ulendo. Anu ndi asanu apakatiwo.

Za fakitale musade nazo nkhawa. Inayamba kupanga mapepala osindikizira nyuzi mu 1912, ndipo inaima kumapeto kwa 2021. Chotsala ndi Townsite, dera la nyumba zomwe kampani inamangira antchito ake, lomwe boma la Canada linaliika m'gulu la malo osunga mbiri ya dziko mu 1995. Muli Patricia Theatre, nyumba yakale ya kanema yomwe ikugwirabe ntchito. Pagombe mudzaona zombo za simenti za nthawi ya nkhondo zazikulu za padziko lonse zija, zomangidwa pamzere ndi maunyolo kuti zitchinge mafunde. Eni dera amazitcha The Hulks. Komanso dziwani kuti pamene paimapo fakitalepo panali mudzi wa eni nthaka a mtundu wa Tla'amin, wotchedwa tiskwat, ndipo mudzamva ena akutsutsana zosintha dzina la tauni. Zonsezi masana amodzi zakwana.

Tsono ku nkhani yeniyeni. Zazikulu zilipo zitatu: kuyenda pansi m'mapiri, kupalasa bwato m'nyanja zing'onozing'ono za kumtunda, ndi kayaki (kabwato kakang'ono kopalasa ndi nkhafi) panyanja yamchere. Alendo ambiri amafuna kulawa zonse, koma mapanga awiri avumbwitsa, nanji atatu.

Ine mtima wanga uli pa Sunshine Coast Trail. Ndi njira ya makilomita 180 kuchokera ku Sarah Point mpaka ku Saltery Bay, yomwe anthu ongodzipereka anayamba kuilambula mu 1992 pofuna kuteteza mitengo yakalekale yomwe inatsala. M'njiramo anamanga tinyumba togonamo ulere, woyamba kufika ndiye amagona, choncho tenti musaisiye. Yonse simungaimalize m'masiku asanu, dulani gawo. Ife tinakwera Tin Hat Mountain. Kanyumba kake kali pamwamba penipeni pa thanthwe. Tinafika miyendo ikunjenjemera, koma dzuwa likulowa nyanja zinali ngwee mbali zonse, mapiri a chipale chofewa patsogolo, phokoso la mphepo yokha. Vuto n'lakuti pamwambapo palibe madzi. Mnzanga anabwera ndi botolo limodzi, tinachita kugawana wanga pang'onopang'ono ngati mankhwala, m'mawa n'kutsika opanda tiyi. Tungirani m'munsi, senzani. Ndipo misewu yafumbi yokafikira m'tsinde mwa phirilo ndi ya malole onyamula mitengo; funsani eni dera musanalowemo, makamaka pakati pa sabata.

Ngati mawondo sakulola, kuli Inland Lake, njira yosalala ya makilomita 13 yozungulira nyanja, yomwe anaikonza kuti ngakhale wa panjinga ya olumala adutse.

Bwato la Powell Forest Canoe Route ndi makilomita 57, nyanja 8, ndipo kasanu mumatsika n'kusenza bwato pamutu kudutsa m'nkhalango. Limadya masiku anu onse asanu, ndipo pa Powell Lake mphepo imakonda kuuka masana. Kwa munthu woyamba, ine ndingati dikirani ulendo wina.

Kayaki yokha mutha kuilawa tsiku limodzi. Pitani ku Lund, kamudzi komwe Highway 101 imathera, mulembe wokutsogolerani. Kumpoto kwake kuli chigawo cha nyanja chotchedwa Desolation Sound, dzina lomwe George Vancouver, woyendetsa sitima wa ku Britain, anapereka mu 1792 poona malowo ngati bwinja losungulumwitsa. Bamboyo ayenera kuti anafika kukugwa mvula, chifukwa m'chilimwe madzi ake ndi ofunda mwakuti mumasambira osakuwa. Musapite nokha ngati simudziwa kuwerenga nthawi yomwe madzi amadzaza ndi kuphwa. Kayaki yosiyidwa pamchenga osamanga imapita yokha. Ku Lund komweko kuli boti lonyamula anthu kupita ku Savary Island, kwa mchenga woyera, ana amakondwa nako kwambiri.

Zimbalangondo zakuda zilikodi, si nthabwala. Chakudya ndi mankhwala otsukira mano musagone nazo m'tenti, ndipo poyenda muziyankhula mokweza kuti zikumveni zipatuke. Netiweki imasowa m'malo ambiri m'nkhalango, ndiye mapu muwatsitsiretu mufoni, ndipo muuze mnzanuyo tsiku lomwe mutuluke.

Ndikanakhala inu: mausiku awiri m'phiri, tsiku limodzi kayaki, lina Savary, Townsite madzulo aliwonse omwe miyendo yakana. Kodi mukutenga ana, ndipo wamng'ono ali ndi zaka zingati? Ngati sanakwane 8, za Tin Hat zija tikambiranenso.