Ng'ombe ya pa zipewa zathu ija, Chicago Bulls

Achimwene, mwafunsa ngati Chicago Bulls, imene majezi ndi zipewa zake zili mbwee pakaunjika, ikadali timu yoopsa ku NBA, ligi yaikulu ya basketball ya ku America. Ayi ndithu. Chimene timavalacho ndi mbiri ya zaka 8 zokha, kuchokera 1991 kufika 1998.

Timuyi inayamba mu 1966, ndipo kwa zaka zoposa 20 sinafikeko ku fainolo. Kubwera kwa Michael Jordan mu 1984 sikunasinthe zinthu pompopompo. Mu 1986 iye yekha anagoletsa mapointi 63 ku Boston, koma gemuyo anagonja, Celtics, timu ya ku Boston komweko, n'kuwatulutsa. Kwa amene simutsatira basketball, sizoni imakhala ndi magemu 82, kenako matimu ochita bwino amalowa ma playoffs, kumene amakumana awiriawiri ndipo yoyamba kupambana magemu 4 ndiyo imapitirira.

Ine mbali imene imandikomera ndi ya Detroit Pistons, imene ambiri amaidumpha. Anyamata amenewa ankasewera mwankhanza, Jordan akangolunjika ku basiketi ankamugwetsa pansi popanda chisoni. Anatulutsa Bulls zaka zitatu zondondozana, 1988, 1989 ndi 1990, komaliza mpaka gemu ya nambala 7. Kukwapulidwa kumeneku n'kumene kunawaphunzitsa. Phil Jackson, amene anakhala mphunzitsi wamkulu mu 1989, anaumirira kuti mpira uzizungulira, usamangokhala m'manja mwa munthu mmodzi. Scottie Pippen, mnzake wa Jordan m'timumo, naye anali atakhwima. Mu 1991 Bulls inasesa Pistons 4-0, ndipo osewera akuluakulu a Detroit anatuluka m'bwalo gemu isanathe, osapereka ndi moni womwe. Zinawawa.

Kuchokera apo zikho zinangotsatana. Bulls inagonjetsa Lakers ya Magic Johnson 4-1 mu 1991, Portland mu 1992, Phoenix mu 1993. Kenako Jordan, bambo ake ataphedwa, anasiya n'kukayesa baseball. Zaka ziwiri zimenezo Houston ya Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria ndiyo inadya chikho. Anthu amakonda kunena kuti Jordan akanakhalapo sizikanatheka, koma amaiwala kuti mu 1995 anali atabwerera kale, Orlando n'kuwatulutsabe.

Sizoni ya 1995-96, atawonjezera Dennis Rodman wa tsitsi lamitundumitundu uja, anapambana magemu 72 n'kugonja 10 okha. Mbiri imeneyi inakhala mpaka 2016 pamene Golden State inapambana 73, koma iwo chikho chinawaphonya. Bulls inamenya Seattle, kenako Utah kawiri, 1997 ndi 1998. Mafainolo 6, zikho 6, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inafika gemu ya nambala 7.

Ndiye zonse zinangobalalika nthawi imodzi. Jackson anachoka, Jordan anapuma, Pippen anapita ku Houston. Sizoni yotsatira, imene inali yaifupi, anapambana magemu 13 mwa 50, ndipo ma playoffs anadzawaonanso mu 2005.

Chiyembekezo chinabwera ndi Derrick Rose, mwana wa ku Chicago komweko, amene anakhala MVP, kutanthauza wosewera wopambana onse pa sizoni, mu 2011 ali ndi zaka 22. Pambali pake panali Luol Deng wa ku South Sudan. Anapambana magemu 62, koma Miami ya LeBron James inawatseka 4-1 atatsala pang'ono kulowa fainolo. Chaka chotsatira, gemu yoyamba yeniyeni ya ma playoffs ndi Philadelphia, kutangotsala mphindi imodzi ndi timasekondi, bondo la Rose linaduka mtsempha. Sanabwererenso mwakale mnyamata uja, mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka. Mu 2015 Bulls inatulutsa Milwaukee n'kugonja kwa Cleveland. Mu 2022 Milwaukee yomweyo, ili ndi katswiri wake Giannis Antetokounmpo atakula, inawabweza kwawo 4-1 pa ndime yoyamba.

Jezi yanuyo valani, achimwene, koma muyang'ane kumsana. Ndikubetcha kuti pali nambala 23, ya Jordan.