Mwana wanga amangophwasula wailesi

Funso: Achimwene, mwana wanga wamkazi ali Fomu 3. Waphwasula wailesi yathu kawiri, akuti adzaphunzira zamagetsi ndi makompyuta. Kodi si za amuna zimenezi?
Mayi wodandaula, Balaka

Yankho: Mayi, chonde musam'gwetse ulesi mwanayo. Ndaonapo atsikana akupambana anyamata pa mawaya omwewo. Alimbikire masamu ndi Physics, chifukwa posankha opita ku yunivesite amayang'ana kwambiri zimenezo pa MSCE. Ku MUBAS, Polytechnic yakale ija ya ku Chichiri, digiri ya uinjiniya wa zamagetsi imatenga zaka 5, ndipo masamu ake ndi ouma zedi. Akamaliza angagwire ntchito ku ESCOM, ku TNM, ku Airtel, kapena ku EGENCO, kusamalira makina opanga magetsi a ku Nkula ndi Tedzani pa Shire. Panopa m'gulireni multimeter yotchipa, kachipangizo koyezera mphamvu ya magetsi, aziyeza mabatire a tochi. Koma soketi ya pakhoma asaikhudze.