Za ma Crown ndi ma Century, poti mwafunsa

Mwafunsa kuti magalimoto akale apamwamba a ku Japan timawabweretsa bwanji, ndiponso ngati muli phindu. Achimwene, ngati mpamba wanu ndi wa katapila, kaguleni Vitz.

Crown ndiye yosavuta. Toyota yakhala ikuipanga kuyambira 1955, ndipo zambiri za m'ma 1990 zili ndi injini za JZ, zomwe zija za Mark II, choncho makaniko athu sazithawa. Cedric ndi Gloria za Nissan ndagulitsako zingapo, koma wogula umachita kumusaka. Pa okushoni ya ku Japan musakomedwe ndi giredi 4, malikisi osonyeza kuti galimoto ili bwino, itanitsani zithunzi za kunsi kwake. Za ku Hokkaido, chilumba cha kumpoto kwa Japan, zimadyeka ndi dzimbiri chifukwa cha mchere wothira m'misewu nyengo yozizira.

Koma Century! Inatuluka mu 1967 pokumbukira zaka 100 chibadwire Sakichi Toyoda, bambo wa amene anayambitsa kampani ya magalimoto ya Toyota. Mipando yaubweya, makatani oluka, galimoto yoti mwiniwake amakhala kumbuyo. Bwana wina anandituma ya 1997, ya injini ya V12 (masilinda 12), malita 5. Ndinaitenga ndekha padoko la Dar es Salaam, ndipo njira yonse injini sinkamveka n'komwe.

Pa boda ndi pomwe ndinaona zakuda. Ofisala wina anayang'ana invoisi yanga n'kuikankhira pambali, ati galimoto yotere singagulidwe pa mtengo umenewo. Mapepala a okushoni ndinali nawo, a ku banki ndinali nawo, iye osawagwira ngakhale ndi chala. Analemba mtengo wa m'mutu mwake, kenako msonkho wa ukalamba wa galimoto ndi kukula kwa injini n'kukwera pamwamba pa mtengo wabodzawo. Chomwe ankadikira ndinkachidziwa. Sindinamupatse, ndipo mpaka lero sindipereka. Galimoto inakhala pabwalo, ndalama yosungira ikuwerengedwa tsiku ndi tsiku. Sasipenshoni yake ndi ya mpweya, ndiye mpweya unaphwa, galimoto n'kugwada. Bwana uja ataona chithunzi anasiya kuyankha foni. Ndinagulitsa minibasi yomwe inkalipirira ana fizi kuti ndiiwombole, mayi a kunyumba osandilankhula.

Ndinaikonza, n'kuigulitsa kwa munthu wochititsa hayala pa maukwati. Ikuyendabe. Alipo angati kuno amene anabweretsako V12 n'kukhalabe pa geni?

Wokutumani azilipiriratu theka, apo ayi musiyeni. Ndipo mitengo yakale ija muiwale: ku America galimoto ikakwana zaka 25 amaloledwa kuilowetsa, ndiye pa okushoni mukulimbana ndi anthu a madola, inu dola yake mukuchita kuipempha ku banki.